Ulendo wa ku Tete ndi banja lonse, kusaka zotchipa pa Kwachena

Ogasiti wapitayu titangogulitsa mbatatesi ndi nyemba zathu, mayi a kunyumba anayamba nyimbo yawo ija, eti nsapato za ana zatha, bulangete la agogo lang'ambika, poto wa nsima akudontha, ndipo zonsezi zimatchipa ku Tete osati kuno ku Ulongué. Ine ndinati bwanji tingodumphira ku Dedza kudzera pa Calómuè ngati masiku onse, iwo ayi, akufuna ku Tete basi, pogona palipo poti achimwene awo amakhala ku Matundo. Ana atatu aja atangomva zoti kuli mlatho wolendewera pa zingwe nkhani inathera pomwepo, ine ndinaluza voti.

Tinakwera shapa, minibasi yathu ija, ya mbandakucha, kukuzizira kwa ku Angónia mukukudziwa kuja, aliyense jekete ndi chipewa, kamtsikana kathu kakang'ono tinakakulunga m'chitenje ngati mtolo. Ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 230, ndipo ukangodutsa pa Mussacama pomwe msewu wathu umakumana ndi wochokera ku Zóbuè umaona dziko likusintha ukuyang'ana, minda yobiriwira ija yatha, kwatsala miyala, milambe ndi mbuzi. Majekete anayamba kuvulidwa limodzilimodzi. Pofika pa Moatize, fumbi la malasha ndi magalimoto akuluakulu, tonse tinali titatsala ndi malaya okha thukuta lili chuchuchu, majekete asanu ali pamiyendo panga, katundu woyamba ameneyo tisanagule kanthu. Alamu atationa anaseka mpaka kugwira m'mimba, amvekere alamu kutentha kwake kuti, inotu ndi nyengo yozizira, mudzabwere Novembala ikamadutsa madigiri 40 mudzaone.

M'mawa mwake tinawoloka mlatho wa Samora Machel wapansi kuti ana aone bwino komanso, tinene zoona, kuti ndalama ya tshopela, kanjinga kamoto konyamula anthu kaja, isungike. Mlathowu ndi wa nthawi ya Apwitikizi, unatha 1973, kutalika kwake kupitirira mamita 700, ndipo galimoto ikamadutsa umamva ukugwedezeka pansi pa mapazi. Magalimoto olemera masiku ano amazungulira pa mlatho wa Kassuende womwe unatsegulidwa 2014. Kamtsikana kaja kanandigwira dzanja zolimba nkufunsa kuti ababa, iyi ndi nyanja? Ndinati ndi Zambezi mwanangu, mtsinje. Sikanakhulupirire mpaka lero.

Tsopano pa Kwachena. Msika umenewu ukalowa wopanda wokutsogolera utuluka mutu ukuzungulira, tinjira tothithikana, uku mapoto, uku zitenje zomwe kumeneko amati kapulana, uku mafoni, wayilesi zikusokosera mbali zonse. Ife tinalunjika kwa kaunjika, kapena ndinene kalamidade monga timanenera kuno, dzina lochokera ku zovala zachithandizo zomwe zinkabwera nthawi ya nkhondo ndi njala. Apa ndi pomwe ndinadziwa kuti ndakhala ndi mayiwa zaka zonsezi koma sindimawadziwa.

Choyamba anandilanda ana nkuwapereka kwa alamu kuti akaime nawo patali, eti mwana akaona nsapato maso amawala ndiye wogulitsa amawerenga mtengo m'maso mwa mwanayo. Miyezo ya mapazi anali atayeza kale kunyumba ndi tizingwe, kalikonse ndi mfundo yake. Ndalama anazigawa, za mametikali 50 ndi 100 pa mfundo ya chitenje, za 500 ndi 1000 zobisika kwina komwe ngakhale ine sindikudziwa. Akafika pa mulu satola chomwe akufuna, amatola china, nkuchitembenuza, nkuchinyoza pang'ono, kenako ngati mwangozi nkuloza chenichenicho ndi chala cha kuphazi, nanga izi? Mnyamata wina anatchula 450 pa nsapato za mwana wathu wamkulu, iwo anangoti ii mwanangu, ndagula ng'ombe kapena? nkuyamba kuchoka pang'onopang'ono osacheuka. Sitinafike ndi pa benchi yachitatu, tinamva mayi bwerani, mayi bwerani tikambirane. Zinatuluka pa 250, kuwonjezapo masokosi a basela.

Chinyungwe cha anthu a ku Tete ndi Chichewa chathu zimamvana ndithu ukatchera khutu, iwo amati muli tani ife muli bwanji, koma ukangotsegula pakamwa adziwa kale kuti uyu watsika kumapiri ndipo wagulitsa mbewu. Ena amayesa ndiwe Mmalawi. Mayi a kunyumba amasakaniza, pang'ono Chinyungwe chothyokathyoka, manambala mu Chipwitikizi, ndiye wogulitsa samadziwa kuti awaike pati.

Ine nanga? Ndinati nanenso ndine mwamuna ndikadzigulire ndekha. Ndinaona nsapato zachikopa zofiirira, pakamwa panga osadzigwira, ndinangoti koma izi ndiye nsapato! Basi mtengo unakhazikika pomwepo ngati simenti. Ndinalimbana nkuchotsako 50 yokha, ndinayesa phazi limodzi lakumanja, lakwana bwino, ndalipira, ndanyamuka monyada. Za phazi lakumanzere ndikuuzani kumapeto.

Chomwe chinandipweteka mtima ndi mbali ya ndiwo zamasamba. Milu ya mbatatesi yoyalidwa bwinobwino, mayi wogulitsa akuitanira kuti za ku Angónia izi, za ku Tsangano izi, ndinafunsa mtengo wa kamulu ka mbatatesi zisanu ndi imodzi, ndinawerengera ndi mtengo womwe mavenda anatigula thumba lonse pamunda sabata ziwiri zapitazo, ndinangoti phee. Mwina ndi zanga zomwe izi. Mayi anandikoka dzanja, bambo tiyeni musalire pagulu.

Nthawi ya nkhomaliro ine ndinali ndi maganizo anga, ndinkafuna ana akalowe malo odyera enieni, a magalasi ndi mphepo yozizira ija, akakambe kusukulu. Tinalowadi pena pake mtauni, tinakhala, anatibweretsera pepala la zakudya. Ndinaliwerenga kuchokera kumanja monga amachitira munthu wa ndalama zowerengeka, ndipo mbale imodzi ya nkhuku ndi tchipisi inali kuposa nsapato zomwe mayi anamenyera nkhondo zija. Anthu asanu ndi mmodzi. Ndinatsokomola, alamu anamva, anangoimirira nkunena mokweza kuti aa ndaiwala, kuli kotiyembekezera. Tinatuluka pamzere ngati abakha, mphepo yozizira tinaimva yaulere mphindi zisanu.

Alamu anatitengera ku baraka ina kufupi ndi msika, denga la malata, mabenchi awiri, ndowa ya madzi osamba m'manja pakhomo, mayi wina wonenepa bwino akutakasa nsima m'chimphika. Abale, kumeneko ndiye kunali kudya. Nyama ya mbuzi ya ku Tete si nkhambakamwa, mbuzi zake zimadya masau ndi malambe m'tchire ndipo eni ake amati kukoma kumachokera pamenepo, mpaka inalembetsedwa mwalamulo ndi dzina lakuti Cabrito de Tete. Inali yofewa, msuzi wake wofiira wokhuthala, mafupa ake ndinawaswa onse. Tinaitanitsanso pende wokazinga mmodzi wamkulu, nsomba yofanana ndi chambo, khungu lili khirikhiri ndi mchere ndi ndimu. Nzeru ya mayi a kunyumba inali yakuti tigule ndiwo mbale zitatu zokha nkuika pakati, kenako nsima tiziwonjezera, poti nsima ndi yotchipa ndipo msuzi akakuonani ndi ana sakumanani. Zinathekadi, mayi wa baraka uja anabwera kawiri ndi chipande, idyani ana anga mwachokera kutali.

Piripiri wake chenjerani naye. Mnyamata wathu wachiwiri anafuna kuonetsa chamuna pamaso pa amalume ake, anathira supuni yonse, misozi ndi mamina nthawi imodzi, Frozy wake ndi wa mlongo wake anathera pompo.

Polipira mayi uja anatchula ndalama m'makonto, mwana wamkulu nkudabwa kuti konto nchiyani. Ndinamufotokozera kuti isanafike 2006 metikali inali ndi maziro atatu owonjezera, 1000 yakale ndiyo konto imodzi, yomwe ndi metikali imodzi ya lero, koma pakamwa pa anthu mawuwa anakana kuchoka. Ndinalipira pafoni kudzera pa e-Mola, ndipo tonse asanu ndi mmodzi ndi zakumwa zomwe sizinafike pa mbale ziwiri za kumagalasi kuja.

Pomwe ndalama inatulukira osaiona ndi pa ludzu. Madzi ozizira, malambe oumitsa mufiriji a m'timapulasitiki aja, madzi ena, Frozy wina, kamodzikamodzi ngati palibe kanthu koma madzulo titakhala pakhonde kwa alamu kuwerengera, mayi anapeza kuti zomwe anapulumutsa pa poto ndi bulangete tazimwa zonse. Mukamapita nyamulani zigubu zanu, thirani kunyumba. Tinagulanso chikowa, nsomba youma ya mchere ya ku Cahora Bassa ija, ndi chigoba cha masau choti tikapatse agogo.

Pobwerera shapa yonse inkanunkha chikowa chathu, kobradoro, kondakitala uja, akungotiyang'ana. Ndinati ndivale nsapato zanga zatsopano ndikafike kwathu ngati bwana, lakumanja lalowa bwino, lakumanzere likukana, kuyang'ana pansi pake 43 ndi 41. Mayi sananene kanthu, anangotembenukira kuwindo mapewa akugwedezeka. Titafika agogo analandira bulangete lawo, analifunda pomwepo, kenako nkufunsa kuti nanga masau anga aja? Ana onse atatu anayang'ana pansi. Chigoba chinali ndi nthanga zokhazokha, anayamba kudya tili pa Moatize.