Lachitatu: laputopu ya ku akaunti yandiyalutsa

Lero ndafika ku ofesi mochedwa. Minibasi ya ku Area 25 inaima nthawi yaitali panjira, kondakitala akusakasaka anthu awiri oti adzaze mpando wakumbuyo, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo m'mawa womwewo. Ndikulowa pakhomo ndapeza amayi a ku akaunti akundidikira, laputopu ili m'manja.

"Achimwene, fayilo ya malipiro a mwezi watha ija ndaifufuta mwangozi. Paja munati zonse zimasungidwa?"

Ndinavomera ndi chifuwa chonse. Ndinali ndi chifukwa chodzitamira. Kale aliyense ankakopera yekha zinthu zake pa hadi draivu imodzi yoyendayenda, ndipo mumakhala mafoda a mayina ngati "zanga", "zanga zatsopano", "zanga zenizeni osafufuta". Mwini wake ndani? Palibe wodziwa. Ndiye ndinalemba kafayilo kamodzi ka .bat (kafayilo ka malamulo amene Windows imayendetsa), kokopera mafayilo a munthu aliyense ku seva, kompyuta yosungira zinthu za ofesi, mu foda ya tsiku limenelo. Ndi kofanana pa makompyuta onse asanu ndi anayi, koti kazifunsa Windows yomweyo kuti iwe ndiwe yani. Windows imasunga kale mayankhowo: %COMPUTERNAME% ndi dzina la makina, %USERNAME% ndi munthu amene walowamo, %USERPROFILE% ndi njira ya ku foda yake. Sindilembanso dzina la munthu ndi manja. Munthu akasiya ntchito wina n'kukhala pa tebulo lomwelo, foda yatsopano imapangika yokha pa seva.

Koma nditatsegula seva, mafoda a masiku a anthu ena onse ali ndondondo, a amayiwa olembedwa bwino anathera masabata atatu apitawo. Thukuta kamukamu, ndipo silinali la dzuwa lokha.

Vuto linali %DATE%. Iyi ndi yachinyengo, chifukwa imalemba tsiku motengera mmene Region yaikidwira pa makinawo. Makompyuta athu amalemba 22/10/2025, choncho ine ndinkadula zidutswa: %DATE:~6,4% ya chaka, %DATE:~3,2% ya mwezi, %DATE:~0,2% ya tsiku. Laputopu ya amayi inapita kwa wokonza wina ku Old Town, amene anaikamo Windows yatsopano n'kuisiya pa kalembedwe ka ku America. Kumeneko tsiku limatuluka Wed 10/22/2025. Ndinalemba echo, lamulo loonetsa zinthu pagalasi, kuti ndione dzina limene kafayilo kanga kamapanga, pagalasi n'kutuluka izi: /22/- 1-We. Ndinaseka ndekha ngati wamisala. Mpeni umadula pamalo omwewo, koma nyama inali itasintha. Komanso kamzere kopendekera kaja sikaloledwa n'komwe m'dzina la foda.

Wokonza uja sindingamuimbe mlandu. Wolakwa ndi ine amene ndinkaganiza kuti makompyuta onse amawerenga masiku mofanana, komanso sindinkatsegula log, fayilo yolemba zimene zachitika, kuti ndione ngati ntchito yayendadi.

Nkhomaliro ndadya mothamanga, tchipisi cha pachiwaya ndi kabichi, ndili chiimire. Nditabwerera ndinachotseratu kudula kuja. Tsopano tsiku ndikulitenga ku PowerShell, pulogalamu ina ya malamulo ya mu Windows, kumene ndimalamula ndekha kalembedwe kake:

for /f %%i in ('powershell -NoProfile -Command "Get-Date -Format yyyy-MM-dd"') do set TSIKU=%%i

robocopy "%USERPROFILE%\Documents" "\\seva\zosunga\%COMPUTERNAME%\%USERNAME%\%TSIKU%" /E /R:2 /W:5

Kuyamba ndi chaka kumathandiza kuti mafoda azisanjika okha motsatana. Timakoma tiwiri tija ta m'mbali musatiiwale, apo ayi dzina lokhala ndi mpata pakati lidzaduka pawiri. Ndipo /R:2 /W:5 (kuyesanso kawiri kokha, kudikira masekondi 5) ndinaziphunzira ndi misozi chaka chatha: mukapanda kuiuza, robocopy, pulogalamu yokopera mafayiloyo, ikapeza fayilo yokana kukopedwa imayesa maulendo 1,000,000, n'kumadikira masekondi 30 ulendo uliwonse. Abwana akasiya Outlook yotsegula, fayilo yawo ya maimelo ya .pst imakhala yomangika, ndiye mungakalambe mukudikira. Za /MIR, lamulo lina la robocopy, sindizifuna pano, chifukwa imafufuta ku seva chilichonse chimene chafufutidwa pa makina, zomwe zingakhale kutaya madzi ndi ndowa yomwe.

Chinanso chomwe ndaona ndikuyendera makinawo: pa kompyuta ya ku risepushoni, Task Scheduler, yomwe imayendetsa ntchito pa nthawi yoikika, inaikidwa kuti iziyendetsa kafayiloka ngati SYSTEM, dzina limene Windows yomweyo imagwirira ntchito. Zikatero %USERPROFILE% saloza kwa munthu ayi, imaloza ku systemprofile mkati mwa foda ya Windows. Ndasintha kuti iziyenda pa dzina la mwini kompyutayo.

Nanga fayilo ya malipiro ija? Cha m'ma 3 koloko, ndikukonzekera mawu opepesera, ndinangoti nditsegule Recycle Bin. Inali momwemo, ili phee.

"Ndimadziwa ine kuti simungandikhumudwitse, achimwene. Backup yanuyi ndi yabwino zedi."

Sindinawatsutse. Magetsi anazima ndisanamalize makina awiri omaliza, ndiye mawa ndiyambira pamenepo, ngati minibasi siichedwanso.