Makobiri a mwezi uno: thumba la kumsika ndi kaphukusi ka amalume

Mwezi uno m'kabati yanga ya ndalama zakale mwalowa zinthu ziwiri. Choyamba ndi thumba la makobiri 212 a kuno ku Britain, lomwe ndinagula £6 pa car boot sale (msika umene anthu amagulitsa katundu wawo wakale kuchokera m'galimoto) Lamlungu loyamba la mweziwu. Chachiwiri ndi kaphukusi kochokera kwa amalume ku Ntcheu, komwe kanabwera ndi mayi wina wa kutchalitchi kwathu pobwerera kuno ku Leeds. Thumbalo ndalimaliza kusanja, linanditengera masiku 9, madzulo okhaokha ndikaweruka. Kaphukusiko mpaka lero ndikukatembenuzabe m'manja.

Kwa amene mwangoyamba kumene kuwerenga zolemba zangazi, khobiri limene ndikunena ndi peni yakale ija yaikulu, yofiirira, ya m'masiku amene makobiri 12 ankapanga sheleni ndipo masheleni 20 ankapanga paundi. Kuno linatha ntchito mu 1971, chaka chomwechonso chimene kwathu tinasiya mapaundi n'kuyamba kuwerenga makwacha ndi matambala.

Zida zanga sizinasinthe: nsalu yofewa patebulo, nyali, galasi lokulitsa zinthu ka 10, ndi kasikelo koyezera magalamu. Ndimayamba kugawa potsata mutu wa mfumu, kenako chaka. Mwa makobiri 212 aja, 71 anali a 1967. Izi sizodabwitsa, popeza a chaka chimenechi anasulidwa oposa 600 miliyoni, ndipo ngakhale amene ankasulidwa zaka zotsatira ankalembedwabe 1967. Ena ndi owala ngati atuluka dzulo, koma palibe amene angakupatseni ndalama yooneka chifukwa cha iwo. A Mfumukazi Victoria analimo 11. Anthu ambiri akaona 1890 kapena 1896 amati basi apeza chuma. Angawa ndi osalala ngati mwala wa mumtsinje, mutu wa mfumukazi wangotsala chithunzithunzi. Khobiri latsopano linkalemera magalamu 9.4, koma limodzi mwa awa langokwana 8.6, kwinako kunathera m'manja ndi m'matumba a anthu. Ndimawakonda kuwagwira, koma pamsika ndi a mulu.

Chimene ndimasaka kwenikweni pa makobiri a Mfumu George V ndi timalembo tating'ono kumanzere kwa chaka, pansi pa chithunzi cha Britannia, mayi woimira dziko la Britain amene ali kumbuyo kwa khobiri. Zaka zina Royal Mint, fakitale ya boma yosula ndalama, inkalephera kukwaniritsa yokha makobiri ofunika, ndiye inkapatsako ntchito mafakitale a ku Birmingham. Ya Heaton inkaika H, mu 1912, 1918 ndi 1919. Ya King's Norton inkaika KN, mu 1918 ndi 1919. M'thumbali ndapezamo 1912H limodzi, 1919H awiri, ndipo tsiku lachisanu ndi chiwiri, maso atayamba kale kulemera, ndinaona KN pa khobiri la 1918. Ndi lokutha ndithu, K akuchita kufuna galasi kuti aoneke, koma ndi KN wanga woyamba chiyambireni zaka 3 zapitazo. Ndinadzuka n'kuyatsa magetsi onse a m'chipindamo kuti nditsimikize. Tsopano pamzere umenewu patsala 1918H ndi 1919KN. A 1950 ndi 1951, amene anasulidwa 240,000 ndi 120,000 okha, munalibe, ndipo sindinayembekezere kuti angakhalemo.

Pali khobiri lina la 1917 limene linandisowetsa tulo. Kumbuyo kwake, mozungulira Britannia, mukuoneka mthunzi wa mutu wa munthu, ngati mfumu ikusuzumira kuchokera mbali inayo. Ndinali ndisanaonepo zotere, choncho ndinaliika m'kachikwama kakekake n'kupita nalo ku kalabu yathu ya otolera ndalama. Bambo wina wachikulire amene amandiphunzitsa zambiri kumeneko analiyang'ana pang'ono chabe n'kunditengera ena anayi a m'bokosi lawo, onse a mthunzi womwewo. Anandifotokozera kuti pa chidindo cha zaka zoyamba za George V mutu unagobedwa mozama kwambiri. Makina akamenya, chitsulo chambiri chinkathamangira kukadzaza mutuwo, ndipo mbali inayo inkatsala yosadindika bwino, yokhala ndi mthunzi. Anthu a ntchitoyi amati ghosting. A ku Royal Mint analimbana nalo vutoli zaka zambiri: mu 1926 anakonzanso mutuwo, ndipo mu 1928 anauchepetsa. Ndi cholakwika cha kufakitale chenicheni, koma chinachitika pa makobiri mamiliyoni, ndiye sichiwonjezera mtengo. Bambowo anati ndizisaka m'malo mwake khobiri la 1926 la mutu wokonzedwawo, chifukwa ambiri a chaka chimenecho ali ndi mutu wakale.

Tsiku lomwelo anandionetsa kusiyanitsa kwina kumene ndakhala ndikukugwiritsa ntchito usiku uliwonse kuchokera pamenepo. Chidindo chikang'ambika, chitsulo chimalowa mumng'aluwo, motero pa khobiri pamatuluka kamzere kotukuka, koti ukayendetsa chikhadabo umakamva pamwamba. Chokanda cha mpeni kapena cha msomali chimalowa m'kati. Chotukuka n'cha kufakitale, cholowa n'cha mumsewu. Nditabwereza mulu wa George VI ndi diso limeneli ndinapeza limodzi la 1938 lokhala ndi kamzere kotukuka kuchokera m'mphepete kudutsa pa lemba lina. Lina la 1945, lomwe ndinkaliyesa lodulidwa pofakitale chifukwa chosowa kambali, linapezeka kuti wina analidula ndi chida, pakuti podukapo m'pakuthwa ndiponso powala.

Zolakwika zimene zimakhala ndi mtengo ndi zija zochepa, zodziwika mmene zinachitikira, zoti wina aliyense akhoza kuziyerekeza ndi zinzake. Chitsanzo chotchuka ndi senti ya ku America ya 1955, imene chidindo chake chenichenicho chinali ndi malembo obwereza, mwakuti chaka ndi mawu onse zimaoneka pawiri popanda galasi. Kuno chathu ndi 20p (ndalama ya mapeni atsopano 20) ya 2008 yopanda chaka. Chaka chimenecho anasintha maonekedwe a ndalama, ndipo chaka chinasamutsidwa kuchoka kumbuyo kupita mbali ya mutu wa mfumukazi. Wina anaphatikiza chidindo chakale cha mutu, chopanda chaka, ndi chatsopano cha kumbuyo, chopandanso chaka. Ndalama yotere amaitcha mule, ndiye kuti nyulu, mwana wa bulu ndi hatchi. A Royal Mint anati zinatuluka zosaposa 250,000, ndipo imodzi imagulidwa mapaundi makumi angapo. Chenji chilichonse chimene ndalandira ndimachitembenuza. Mwezi uno ndayang'ana ma 20p 140, palibe.

Apa ndiyankhenso achimwene amene ananditumizira chithunzi cha 2p ya 1971 yolembedwa NEW PENCE, ataona pa Facebook kuti ndi ya ndalama zankhaninkhani. Achimwene, za 1971 zinasulidwa zoposa biliyoni imodzi, ndipo zonse mpaka 1981 zimalembedwa choncho. Yosowa ndi ya 1983 yokha, chifukwa mawuwo anali atasinthidwa kale kukhala TWO PENCE mu 1982, koma chidindo chakale chinagwiritsidwa ntchito molakwika pa zochepa zimene zinaikidwa m'mapaketi a otolera. Zimandipweteka kuona abale athu akugula zoterezi pa intaneti ndi ndalama ya thukuta. Mtengo umene munthu walemba pa eBay si umene chinthucho chagulidwa. Muziyang'ana zimene zagulidwa kale.

Loweruka lina ndinakwera basi kupita ku Middleton, kum'mwera kwa mzinda uno, kukangoona tchalitchi cha St Cross. Mu 1933 mabanki anali ndi makobiri ochuluka kale, choncho sanasule ena oti anthu azigwiritsa ntchito. Anangosula owerengeka, pafupifupi 7. Panali mwambo wokwirira ndalama za chaka chimenecho pansi pa mwala wa maziko a nyumba zikuluzikulu, ndipo atatu anapita kumeneko: limodzi ku Senate House ya University of London, awiri ku matchalitchi a kuno ku Leeds. Mu 1970 kunapezeka kuti la ku St Cross mbava zinakumba n'kulitenga, ndipo silinaonekenso. Poopa zomwezo, la ku St Mary, Hawksworth Wood, analifukula n'kuligulitsa. Ndinaima panja pa mpanda kwa kanthawi, mvula ikuwaza, ndikuganiza kuti khobiri limenelo lilipo penapake, mwina m'kabati ya munthu amene sangayerekeze kulionetsa. Aliyense wosanja thumba la George V amati akafika pa 1932 ndi 1934 mtima umagundako, ndipo inenso ndi mmodzi wa iwo.

Tsopano kaphukusi ka amalume.

Agogo anga aakazi atatisiya chaka chatha, m'sutikesi yawo munapezeka kachitini ka ndalama zakale. Ndinapempha amalume kuti asazitaye, ndipo iwo ananditumizirako 14, zokulungidwa m'kansalu ka chitenje. Muli sheleni ya 1964 ya mutu wa Kamuzu ndi chimanga kumbuyo, sikisi wa chithunzi cha tambala wa chaka chomwecho, khobiri la Malawi la 1967, tiki wa duwa, mahafupeni awiri a akadyansonga, matambala awiri a 1971, ndi makobiri 6 obowola a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Awa ndiwo ndinkawalakalaka. Alibe mutu wa Mfumukazi Elizabeth II, dzina lake lokha, ndipo njovu ziwiri zaimirira ndi miyendo yakumbuyo uku ndi uku kwa bowolo, chisoti chachifumu chili pamwamba. Chitaganyacho chinayamba mu 1953 n'kutha pa 31 Disembala 1963, makolo athu atachikana mpaka ena kutaya miyoyo mu 1959. Komabe khobiri lake ndi lomwe ankagulira mchere ndi machesi. Zaka zimene ndalandira ndi 1956, 1957, 1961 ndi 1962.

Nditamasula kansaluko ndinangoti kakasi. Ndalama 13 zinali waliwali, makobiri ofiira psuu ngati mphika wamkuwa wotsukidwa kumene. Pansi pa galasi paliponse pali timikwingwirima tating'onoting'ono. Nditawaimbira foni, amalume anayamba okha kunena mokondwa: “Mwaziona mmene zayerera? Ndinakhala nazo tsiku lonse ndi phulusa ndi mandimu. Ndinati mwana wa mlongo wanga asalandire zinthu zakuda ngati zatoledwa kudzala.” Ndinawathokoza, ndipo ndinathokoza kuchokera pansi pa mtima, chifukwa munthu wa zaka zawo kukhala tsiku lathunthu akupukuta ndalama zoti sangagulire kanthu wachitira ine. Kenako ndinawafotokozera pang'onopang'ono kuti kuda kuja ndi khungu limene mkuwa umamera pa zaka zambiri, ndipo limateteza chitsulo cha pansi. Mandimu amalidya, phulusa limakanda, ndipo zikachoka sizibwereranso mmene zinalili. Wotolera akaona khobiri lotsukidwa amalidziwira patali, mtengo n'kutsika kwambiri. Anangoti, “Ooh, ndiye kuda komweko n'kofunika?” Ndinati inde amalume, zotsalazo muzisiye momwemo, ngakhale madzi zisaone.

Limodzi lokha ndi lomwe linapulumuka, la 1962. Linali lomangidwa pa kachingwe kakuda ka mfundo yolimba, ndipo amalume anati sanafune kumasula mfundo imene anamanga mayi awo. Amakumbukira agogo akutunga makobiri pa chingwe n'kumangirira m'chiuno popita kumsika, poti zovala za masiku amenewo zinalibe matumba. Khobirili n'labulauni bwinobwino, ngati chikopa chakale. Ndipo bowo lake silili pakati. Lasendera mbali imodzi mpaka kudyako njovu ya kumanzere, pamene kumanja kwatsala malo opanda kanthu pamene bowo linayenera kukhala.

Nditaphunzira pa khobiri la 1917 lija, ulendo uno sindinathamange. Ndinalisanjika pa anzake asanu aja: bowo lake ndi lofanana kukula ndi la enawo, lozungulira bwino, m'mphepete mwake mosalala. Munthu akanalikuza ndi msomali kapena tupa, likanakhala lalikulu kapena lopendekera. Akanaboola lina pambali, la pakati likanaonekabe. Apa bowo ndi limodzi basi, ndipo lili pamalo olakwika, choncho sindikuona njira ina koma kuti linatuluka choncho m'makina. Bambo a ku kalabu aja anaona zithunzi n'kuvomereza, koma anati akufuna kuligwira okha. Anandiuzanso kuti ngakhale zitatsimikizika, ndisayembekezere ndalama zambiri, popeza otolera za chitaganya ndi ochepa poyerekeza ndi a makobiri a kuno. Ndinawauza kuti ili si logulitsa.

Chimene tasiyana nawo maganizo ndi chingwecho. Iwo akuti ndichichotse, chifukwa ulusi umasunga chinyezi ndipo ukhoza kubweretsa dzimbiri lobiriwira lija limene limadya mkuwa. Akunena zoona, ndipo ndayang'ana mozungulira bowolo ndi galasi, pakadali pano palibe chobiriwira. Koma mfundoyo anamanga ndi agogo ndi zala zawo, ndipo amalume anaisiya. Ndaliika m'kabokosi kouma pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi, ndipo ndizilisuzumira pakutha pa mwezi uliwonse.

Mu Januwale kuli chionetsero cha ndalama ndi masitampa ku bwalo la mahatchi ku York, ndipo ndidzapita nalo ndi chingwe chake kuti ogulitsa awiri kapena atatu alione. Amalume ati m'kachitini mwatsala ndalama pafupifupi 20. Msuweni wanga walonjeza kuzijambula Loweruka, mbali zonse ziwiri, panja kukuwala koma pamthunzi, n'kunditumizira pa WhatsApp. Ndamuuza ayambe ndi zobowola, aone ngati muli za 1955, 1958 kapena 1963.