Musanagule njinga yamoto, yambani mwafunsa mtengo wa inshuwalansi yake

Disiki ya inshuwalansi ndaitenga dzulo, nditayendera masiku atatu chinthu chimene chikanatha m'mawa umodzi. Ndikulemba mtima usanaphwe, chifukwa zimene zandichedwetsa ndi zoti munthu akhoza kuzipewa atadziwiratu. Chachikulu ndi ichi: musapereke ndalama kwa wogulitsa njinga musanatenge kotesheni ya inshuwalansi ya njinga yeniyeniyo. Osati mtengo wongouzidwa pafoni ayi. Ikhale papepala, palembedwe dzina la njinga, ma cc ake, mtengo wake ndi ntchito imene izigwira.

Zoti njinga yamoto siyenda pamsewu wa boma popanda inshuwalansi ya third party nonse mukuzidziwa, lamulo la pamsewu limatero, sinditayirapo nthawi. Chimene ambiri sitidziwa ndi chakuti mtundu wa njinga umalowa m'mtengo munjira zingapo, ndipo njirazi sizikokera mbali imodzi.

Ndinali ndi njinga zitatu m'maganizo: TVS HLX 125, Bajaj Boxer BM150 ndi Yamaha XTZ125. Ndinaimba foni ku ofesi ina ya inshuwalansi, n'kufunsa kuti inshuwalansi ya njinga yamoto ndi zingati. Anatchula mtengo umodzi basi, wabwino ndithu. Sanafunse kuti njinga yanji, ine sindinafunse kuti mtengowo ndi wa chiyani. Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti unali wa third party yokha, wa njinga yaing'ono yoyendera mwini. Ine ndinkafuna comprehensive, chifukwa njinga yogula ndi ngongole siyenera kuyenda popanda chitetezo cha kuba ndi ngozi.

Kusiyana kwake n'kotere. Third party imalipira anthu ena amene mwawavulaza kapena kuwaonongera katundu, mpaka pamalire amene alembedwa mu policy, chikalata cha mgwirizano wanu ndi kampani ya inshuwalansi. Njinga yanu siikhudza n'komwe, ikaphwanyika mukonza nokha. Pamenepa mtengo wogulira njinga ulibe ntchito kwenikweni, amayang'ana gulu la njinga ndi ntchito yake. Pakati pali third party, fire and theft, imene imaonjezerapo moto ndi kuba. Comprehensive ndiye imalipiranso kuonongeka kwa njinga yanu, ndipo premium yake, ndalama imene mumalipira pachaka, amaiwerengera ngati peresenti ya mtengo wa njingayo. Tingoyerekeza kuti kampani ikutenga 6 peresenti: njinga ya K3,000,000 mulipira K180,000 pachaka, ya K9,000,000 mulipira K540,000. Nchifukwa chake mukayerekeza XTZ125 ndi njinga ya ku China ya 125, monga Lifo kapena Sanlg, ngakhale injini zake zili zofanana kukula, pa comprehensive zimasiyana kutali. Yamaha XTZ125, Honda XL125 ndi Yamaha AG200, zija amayendera alangizi a zaulimi ndi a mabungwe m'midzi, n'zolimba zedi pamsewu wafumbi, koma mtengo wake wogulira ndi umene umakweza premium chaka ndi chaka.

Ndiye mukhoza kuganiza kuti yotchipa ndiyo yosavuta. Ayi. Njinga zimene akabaza amakonda ndi zimenenso akuba amakonda. Boxer, HLX, Lifo, King Lion, zonsezi sipeya wake amayenda malonda ngati tomato. Njinga ikabedwa usiku, pofika m'mawa injini ili kwina, thanki kwina, mawilo kwina. Makampani amazidziwa zimenezi. Ena amakana kupereka chitetezo cha kuba pa njinga zamtunduwu, ena amavomera koma amakweza peresenti, ena amafuna muikemo tracker, kachipangizo kolondola kumene njinga ili, ndiponso mulembe kuti njinga imagona kuti. Pa fomu yanga panali funso limenelo: imagona m'nyumba yokhoma, kumpanda, kapena panja? Yankhani zoona. Mukalemba kuti imagona m'nyumba, n'kudzabedwa pakhonde, lipoti la apolisi lidzanena za pakhonde, ndipo kleimu yanu, pempho loti kampani ikulipireni, idzavuta. Mtengo wa tracker ndi ndalama yake ya pamwezi muziziwerengera limodzi ndi inshuwalansi, chifukwa zonse zikuchoka m'thumba limodzi.

Ubwino wa njinga zimenezi uli pa kukonza. Ku Malangalanga ku Lilongwe, ku Ndirande kapena ku Limbe, nyali, galasi, foloko, zonse mumazipeza tsiku lomwelo, ndipo makaniko aliyense amazidziwa. Kuonongeka kwakung'ono simupita nako n'komwe ku inshuwalansi, chifukwa cha excess.

Excess ndi gawo limene mumalipira nokha pa kleimu iliyonse. Nthawi zambiri imakhala peresenti ya kleimu, koma pali ndalama yochepetsetsa imene singatsike. Pa njinga yotchipa ndalama yochepetsetsayo ikhoza kuposa mtengo wa nyali ndi indiketa zimene mwaswa. Funsani excess ya ngozi payokha, ya kuba payokha, chifukwa kawirikawiri sizifanana, ndipo ya kuba ndiyo imapweteka. Funsaninso ngati pali excess yoonjezera kwa dalaivala wachichepere kapena amene laisensi yake ndi yatsopano.

Ndatchula laisensi, ndibwerere m'mbuyo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene Boxer inagwera. Laisensi ya A1 imathera pa 125cc. Kupitirira apo pamafunika A. Boxer BM150 injini yake ndi pafupifupi 145cc, ndiye ili kale m'gulu la A. Ogulitsa sakuuzani zimenezi, iwo akufuna njinga ituluke. Anthu ambiri amaganiza kuti vuto ndi apolisi apamsewu okha. Vuto lalikulu ndi tsiku la ngozi: policy imanena kuti woyendetsa akhale ndi laisensi yoyenera njingayo, ndipo wa A1 amene wagwa ndi 150 wapatsa kampani chifukwa chokanira kukonza njinga yake, ngakhale premium analipira yonse. Ine ndili ndi A1, choncho ndinatenga HLX 125. Ngati mtima uli pa 150, yambani mwakweza laisensi ku Road Traffic, ndipo ndalama zake muziike m'bajeti ya njingayo.

Tsopano tsiku limene linandipsetsa mtima. Ndinafika pa ofesi ija 8 koloko ndi njinga, invoisi ya kushopu, lisiti, laisensi ndi chitupa cha unzika. Nditanena kuti comprehensive, mtengo wa pafoni uja unatheratu pomwepo. Chabwino. Kenako akuti njinga iyenera kuonedwa ndi kujambulidwa, ndipo woona njinga watuluka, abwera posachedwa. Ndinakhala pabenchi mpaka 12 koloko. Anapita ku nkhomaliro. Anafika cha m'ma 3, n'kuizungulira njinga mphindi zosakwana khumi, zithunzi zinayi, kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, china cha mita ya makilomita. Atatha akuti pakufunika valuation report, lipoti loyesa mtengo wa njinga, ndipo ndalama yake ndilipire ine. Njinga yatsopano, pulasitiki ikadali pampando, lisiti la dzana lili m'manja, mtengo walembedwa poyera, ayesa chiyaninso? Valuation ili ndi ntchito pa njinga yogwiritsidwapo kale ntchito kapena yoitanitsa kunja, imene mtengo wake ndi wokambirana. Pa yatsopano yochokera kwa dila, invoisi imakwana. Ndinakana, ndinapempha kuonana ndi wamkulu wawo, iye anavomera kuti invoisi ndi yokwanira, koma nthawi imeneyo keshiya anali atatseka. Tsiku lonse lapita, pa chinthu chimene akanandiuza pafoni m'mawu awiri. Pofunsa kotesheni, funsiranitu kuti adzafuna valuation kapena ayi, alipira ndani, ndipo woona njinga amapezeka nthawi yanji. Zimenezinso zilembedwe.

Tsiku lachiwiri cover note, chikalata chongoyembekezera cha inshuwalansi, inatuluka, koma nambala ya chasisi inali yolakwika. Nambala imeneyi ili pakhosi pa felemu, pansi pa mahandulo. Pindani mahandulo mbali imodzi, pukutani ndi kansalu, pakanipo choko kuti zilembo zioneke, muwerenge chimodzichimodzi. Zimakhala 17. Mulibe chilembo I, O kapena Q, ndiye mukaona O papepala dziwani kuti wolemba wasokoneza ndi 0. Zinanso zosokonekera ndi 8 ndi B, 5 ndi S. Pa yanga analemba S pamene pali 5. Nambala ya injini ili payokha, yodindidwa pachitsulo cha injini m'munsi, kawirikawiri mbali ya giya. Manambala awiriwa afanane paliponse: panjinga, pa invoisi, pamapepala a MRA, pa blue book ndi pa inshuwalansi. Chilembo chimodzi chikasiyana, pamapepala ndiye kuti mwateteza njinga ina. Kukonza kalakwika kameneka kunanditengera tsiku lachitatu, chifukwa wosaina anali kunja. Musachoke pa kauntala musanatuluke panja ndi pepalalo n'kuliyerekeza ndi chitsulo.

Za mapepala a MRA ndinayenera kuzinena poyamba. Njinga zambiri zotchipa zimene zimalowa kudzera m'malire a Mozambique ndi Tanzania zimagulitsidwa popanda umboni woti msonkho unalipiridwa. Popanda umboniwo simuilembetsa, popanda kulembetsa mulibe blue book, ndipo kampani siingakulipireni njinga yobedwa imene simungatsimikize kuti ndi yanu. Kutchipa kwa tsiku logula kumathera pamenepo. Muuzeni wogulitsa akuonetseni mapepala a kasitomu muli chiimire, manambala muwayerekeze musanawerenge ndalama.

Funso lina limene limasintha mtengo kwambiri kuposa ma cc ndi la ntchito. A ku ofesi ya inshuwalansi atangomva kuti HLX, anandifunsa kawiri konse ngati ndi ya kabaza. Kwa iwo njinga yamtundu umenewu ndi ya kabaza mpaka mutanena mosiyana. Ya kabaza imakhala pamsewu tsiku lonse, imanyamula anthu olipira, nthawi zina imayendetsedwa ndi anyamata osinthana, ndiye premium yake ndi yokwera. Pali chiyeso cholemba private kuti mulipire zochepa. Musatero. Policy ya private imapatula kunyamula anthu kapena katundu kolipiritsa. Tsiku limene pasenjala wathyoka mwendo, iye adzauza apolisi kuti anakwera kabaza, ndipo nkhani ya chipukuta misozi idzatsata inu mwini njinga. Ngati mukugulira mnyamata woti azikupatsani ndalama madzulo, nenani choncho, funsani ngati pasenjala ali m'kati mwa chitetezo ndi malire ake, ndiponso ngati policy ikulola dalaivala aliyense wa laisensi kapena otchulidwa maina okha. Kunyamula maoda a shopu kapena a malo odyera nakonso ndi bizinesi, sikuyendera mwini. Ya mawilo atatu ili m'gulu lakelake, ifunseni payokha.

Achinyamata amene maso ali pa njinga zothamanga, za 600cc monga Yamaha R6 kapena Honda CBR600RR, imvani izi. Njinga zimenezi zakutidwa ndi mapulasitiki thupi lonse. Ikangogwa ili chiimire, pulasitiki ya m'mbali, galasi, handulo ndi ekizozi zonse zakhudzidwa, ndipo palibe chimene mungachipeze pamsika. Zimachokera ku Johannesburg kapena ku Japan, zimafuna ndalama zakunja, zimalipira msonkho, njinga n'kukhala pagalaja miyezi. Kampani imawerengera zonsezo, kuphatikizapo liwiro ndi zaka za woyendetsa. Ena amangopereka third party basi. Apa valuation ndi yoyenera ndithu, chifukwa zambiri zimabwera zitayendapo kale. Mukasintha ekizozi kapena china chilichonse pa injini, auzeni, chifukwa njinga yosinthidwa mwakachetechete ndi chifukwa chinanso chokanira kleimu.

Pa fomu pali malo olemba mtengo wa njinga. Musauchepetse pofuna kutsitsa premium, musaukwezenso. Njinga ikabedwa kapena kuphwanyikiratu, amalipira mtengo wake wa pamsika nthawi imeneyo, koma osapitirira umene munalemba, n'kuchotsapo excess. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya njinga inakwera motsatira. Amene anasiya mtengo wakale pa policy, ndalama zimene akanalandira sizikanagula njinga ina yofanana nayo. Chaka chilichonse pokonzanso policy, pitani kwa dila mukaone mtengo watsopano, musinthe. Pomwepo kumbutsani za kuchotsera kwa amene sanapange kleimu chaka chonse, chifukwa mukakhala chete sikuti nthawi zonse amakuikirani okha.

Kotesheni tengani kumakampani atatu, mafunso akhale omwewo, apo ayi mukuyerekeza zinthu zosiyana. Mukadzera kwa ejenti, lisiti likhale la kampani, ndipo imbani ku kampaniko mutsimikize kuti nambala ya policy yanu ili m'mabuku awo, chifukwa madisiki achinyengo alipo. Makampani a inshuwalansi amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo dandaulo limene kampani yalephera kulithetsa mukhoza kukalitula kumeneko. Ndibwerezenso, zonsezi zichitike njinga ikadali kushopu. Pemphani proforma, invoisi yopatsidwa musanagule, kwa wogulitsa, pakhale dzina la njinga, ma cc, chaka, mtengo, ndipo ngati n'kotheka nambala ya chasisi ndi ya injini, muyende nayo m'maofesi a inshuwalansi. Mukatero mudzaona ndi maso kuti 125 ya ku India, 125 ya ku Japan ndi 150 zikusiyana bwanji pachaka, musanamangike.

Mawa ndikupita kukatenga COF, chiphaso chosonyeza kuti njinga ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Mufoda muli disiki, policy, blue book, invoisi, mapepala a MRA ndi mafotokope awiriawiri a chilichonse, ndipo chithunzi cha nambala ya chasisi chili pafoni.