Ulendo wa ku NOC, minibasi ija ndi kanyenya wa ku Bwandilo

Ndiyambe ndi za minibasi, chifukwa amene munatsala mwazimva mokhotakhota. Tinanyamuka ku Area 25 tili anthu 14, kupita ku NOC (malo amene akatswiri amayang'anirako netiweki yonse), koma titangofika pa Kanengo injini inangoti zii. A tcheya anati mafuta atha. Amayi msungichuma anatulutsa risiti m'chikwama n'kuikweza m'mwamba kuti aliyense aone. Achimwene athu a ma router (zipangizo zolondolera mauthenga pa netiweki) anatukula mpando wakutsogolo, n'kulengeza kuti pampu yafa. Tinakangana mphindi 40, dzuwa likutiwotcha, malole akutithira fumbi. Kondakitala, mwana wamng'ono ndithu, ndiye anaona kuti waya wa batire wamasuka, naumanga ndi pulayala. Kuyambira pamenepo achimwene aja dzina lawo ndi a Pampu.

Ku NOC ya kampani ya mafoni imene inatiitana anatilandira bwino ngakhale tinachedwa. Injiniya anatiimika kutsogolo kwa masikirini n'kutifotokozera kuti chingwe cha fibre chikaduka, nsanja zonse za mafoni zodalira chingwecho zimakuwa nthawi imodzi, ma alamu n'kutuluka ngati ngumbi mvula ikagwa. Mauthengawa, a SNMP ndi syslog (njira zimene zipangizo za netiweki zimatumizira malipoti), amalowa mu Apache Kafka, pulogalamu yolandira ndi kupititsa mauthenga, ndipo pulogalamu ina, Apache Flink, imawaunika akudutsa, osadikira kuti ayambe asungidwa. Obwera motsatizana imawaphatikiza, imawayerekeza ndi mapu a netiweki, n'kutulutsa tikiti imodzi (lipoti la vuto lofunika kukonza) yoloza pamene pavuta. Chinandigwira mtima n'cha magetsi. Akathima pa nsanja, alamu imafika mabatire akadali ndi mphamvu, anyamata n'kunyamuka ndi dizilo anthu asanayambe kudandaula. Ife tazolowera kumva za vuto kasitomala atakwiya kale, ndipo ndikufuna tidzakambirane zimenezi pa msonkhano wotsatira.

Kenako Bwandilo. Kanyenya wa mbuzi anabwera akuchucha mafuta, chipisi pambali, kambuzi wodulidwa pa kambale. Achemwali athu a ku Kawale anachenjeza kuti tsabolayo si wamasewera, koma a Pampu anamuwaza ngati mchere. Misozi imene inatuluka tonse tinaiona, ndipo mabotolo awiri a madzi amene anamwa analipira a tcheya.

Zikomo a tcheya polemba kalata katatu mpaka atiyankhe, amayi msungichuma posunga risiti ija, ndi adalaivala potibweza kunyumba kusanade. Amene anasiya jekete yobiriwira m'minibasi akaitenge kwa mlembi Loweruka.