Sienta yanga inali ndi matenda awiri, ine ndinkachiza amodzi

Galimoto yanga ndi Toyota Sienta ya 2006, ya injini ya 1NZ-FE ya malita 1.5, ndipo kwa zaka zingapo yakhala ikundinyamulira banja ndi katundu pakati pa Salima ndi Nkhotakota popanda chodandaulitsa. Vuto linayamba mu Okutobala, dzuwa la kunyanja kuno litafika pachimake. Ndikaponda moto pochoka pamalo, injini inkayamba yatsamwa kaye ngati munthu womeza nsima youma, kenako n'kukoka mwadzidzidzi. M'mawa wina inkalira bwinobwino, m'mawa wina ndikapotoza kiyi ndinkangomva kuti "tha" kamodzi, n'kukhala chete. Popeza giya yake ndi ya otomatiki, za kuitana anyamata kuti aikankhe panalibe.

Kulakwa kwanga kunali koganiza kuti zonsezi n'chinthu chimodzi. Ndinagula mapulagi anayi atsopano chifukwa mnzanga wina anandiuza kuti yake inachira nawo, koma sipanasinthe kanthu. Ndinagulanso koyilo imodzi yakale, kachipangizo kopereka moto ku pulagi, ndipo ndinatsala pang'ono kugula batire pamene mkulu wina wokonza magetsi a galimoto anandiletsa. Iye anandifunsa funso limene ndinayenera kudzifunsa ndekha poyamba: "Achimwene, ikakana kulira, injini imazungulira kapena sizungulira n'komwe?" Anandifotokozera kuti injini yosazungulira imaloza ku batire, mawaya kapena sitata, pamene yozungulira koma osagwira imaloza ku mafuta, mpweya kapena moto wa mapulagi, ndipo amene wasakaniza ziwirizi amatha ndalama pogula zipangizo zabwinobwino.

Anayeza batire galimoto ili yozima ndipo inaonetsa mavoliti 12.6, kutanthauza kuti inali yodzaza. Italira, mphamvu inakwera kufika pa 14, umboni woti alitaneta ikugwira ntchito yake yodzaza batire. Atamasula theminolo ya negetivu, tinapeza pansi pake pali ufa woyera wobiriwirira, ndipo waya wa efi, wobwezera magetsi kuchokera ku injini kupita ku negetivu ya batire, unali utadyeka ndi dzimbiri moti tingwe tambiri tinali titaduka. Magetsi a pa dashibodi amafuna mphamvu yochepa, choncho ankayaka n'kumandinamiza, koma sitata imakoka mphamvu yambiri nthawi imodzi ndipo siingadutse pa waya wotero. Anapala matheminolo ndi sandipepa, anaika waya wina wokhuthala, ndipo nkhani ya "tha" inathera pomwepo.

Kutsamwa kuja kunatsala, ndipo ndi kumene kunandiphunzitsa zambiri. Ndinayamba kulemba nthawi imene kunkachitika, ndipo patatha masabata awiri ndinaona kuti kunkakula masana injini itatentha, thanki ili pafupi kuuma, makamaka pokwera zitunda za msewu wopita ku Lilongwe cha ku Mvera. Pa msewu wa M5, umene mbali yake yaikulu ndi yathyathyathya, galimoto inkabisa matenda ake mpaka pamene ndafuna kupitirira lole. Titalumikiza makina owerenga zolakwika pa soketi ya pansi pa chiwongolero, anatulutsa P0171, nambala yonena kuti injini ikulandira mpweya wochuluka poyerekeza ndi petulo. Panalibe nambala iliyonse ya P0301 mpaka P0304, zimene zimaonetsa silinda imene ikuphonya moto, ndipo apa ndinazindikira kuti koyilo ija ndinaigula pachabe. Ngakhale popanda makina, koyilo yokayikitsa imayesedwa poisinthanitsa ndi ya silinda ina n'kuona ngati vuto latsatira.

Nambalayi imangotchula chizindikiro, siitchula cholakwa, choncho tinayamba ndi zosadula. Tinayang'ana paipi yakuda yochokera ku fyuluta ya mpweya ngati yang'ambika, ndipo inali yabwino. Fyulutayo inali nkhani ina: chifukwa chopemereredwa ndi kompuresa kambirimbiri m'malo mosinthidwa, inali itabowoka pakona, ndipo fumbi la misewu ya kumudzi linkadutsa n'kukamata pa sensa ya MAF, kachipangizo koyeza mpweya wolowa mu injini. Kali ndi timawaya tiwiri tochepetsetsa timene sitiyenera kukhudzidwa ndi chala, nsalu kapena burashi. Tinakamasula, tinakapopera mankhwala ake otsukira, n'kukasiya kuti kaume kokha. Galimoto inapepukirako, koma pa chitunda inkaperewerabe mphamvu.

Kenako tinayeza mphamvu imene pampu imakankhira petulo. Injini imeneyi imafuna mabaa atatu ndi pang'ono (baa ndi muyezo wa mphamvu yokankhirayi), koma yanga inkafika pamenepo movutikira ndipo singano ya choyezera inkagwa ndikaponda moto. Titatulutsa pampu m'thanki, kasefa ka kunsi kwake kanali kakuda bii, komata ndi matope ndi tizinyalala. Sindinafunike kuuzidwa kumene zinachokera. M'nyengo zosowa mafuta ndinkagula petulo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu, wothiridwa ndi botolo lodula popanda kusefa, ndipo ndinazolowera kuyenda nyali ya mafuta ili chiyakire. Pampu imeneyi imakhala yomira m'petulo ndipo ndi petuloyo amene amaiziziritsa, motero kuiyendetsa ndi malita awiri kapena atatu m'kutentha kwa Salima kunali kuipha pang'onopang'ono.

Tinatsuka thanki, ndinaika pampu yatsopano pamodzi ndi kasefa kake ndi fyuluta ya mpweya, ndipo tinafufuta nambala ija. Loweruka lotsatira ndinanyamula anthu asanu ndi matumba awiri a mpunga wa Kilombero n'kulunjika ku Lilongwe dala, kuti zitunda zomwe zija zindiuze zoona. Inakwera osatsamwa, ndipo nyali ya injini sinayakenso. Mapulagi akale aja, amene analibe mlandu uliwonse, ndinawasunga m'kabati pamodzi ndi koyilo ija, ndipo m'buti tsopano mumakhala fanelo yokhala ndi sefa.