Kumeretsa mizu panthambi ya elm kuti ikhale bonsai

Mtengo wa elm wa ku China, umene akatswiri amautcha Ulmus parvifolia, savuta kumera mizu nthambi idakali pamtengo. Ku Japan njirayi amaitcha toriki, ndipo ndi yomwe alimi a zipatso amachulukitsira mitengo ya litchi. Bonsai ndi mtengo wokulira m'mphika, woumbidwa kuti ukhale waung'ono. Ndi njirayi, pa miyezi yochepa yokha umakhala ndi kamtengo ka thunthu lonenepa kale, pomwe wobzala njere akanadikira zaka. Koma elm umapola bala msanga kwambiri, ndipo ntchito yambiri imalephera chifukwa cha kupola komweko.

Ndimadikira kuti masamba atsopano akhwime kaye, asiye kufewa. Ku Britain ndi ku Japan nthawiyi ndi Meyi kapena Juni, pomwe kum'mwera kwa Africa ndi cha mu Novembala. Apa utomoni ukuyenda bwino, ndipo khungwa limasupuka losamatirira. Ndimasankha nthambi yonenepa ngati chala chachikulu kapena kuposerapo, yopindika mokongola komanso ya masamba ambiri, chifukwa masambawo ndiwo adzadyetse mizu. Malo abwino odulapo ndi m'munsi pang'ono mwa mfundo kapena mphanda, pomwe nthambi ndi yotupa kale.

Ndi mpeni wakuthwa wopukutidwa ndi sipiriti, ndimazunguliza mizere iwiri yofika pamtengo wamkati. Mpata wa pakati pa mizereyo ukhale wotalika kuposa kunenepa kwa nthambi: ngati nthambi ndi ya masentimita 2, mpata ukhale wa masentimita 3 kapena 4. Mzere wam'mwamba ndiwo wofunika kuusamala. Ukhale wosalala, wodulidwa kamodzi, ndipo ukhale mmene nthaka idzakhalire m'mphika, poti mizu idzatulukira pamenepo. Ukapendekeka, mizu nayo idzapendekeka mpaka kalekale. Kenako ndimang'amba khungwa kuchoka mzere wina kufika wina n'kulisupula.

Khungwa likachoka, pamtengo pamatsala kachikopa konyezimira, koterera ngati therere. Ndi cambium imeneyo, ndipo ndi yomwe imapanga khungwa latsopano. Ndimaipala ndi msana wa mpeni kuzungulira konse mpaka mtengo uoneke woyera, wosaterera ndikaugwira ndi chala. Chifukwa chake n'choti madzi amakwera kudzera mu mtengo wamkati, pomwe chakudya chochokera m'masamba chimatsika kudzera m'kati mwa khungwa. Njira yotsikirayo ikadulidwa, chakudya chimaunjikana pamzere wam'mwamba, pamatupa, mizu n'kutuluka. Mukasiya kamzere ka cambium ngakhale kochepa ngati ulusi, elm amalumikiza khungwa lam'mwamba ndi lam'munsi pa masabata ochepa. Mukadzatsegula mudzangopeza chipsera chotupa, muzu ndi umodzi womwe ayi. N'chifukwa chake ndimamanganso waya wa aluminiyamu wa mamilimita 2 kapena 3 m'munsi mwenimweni mwa mzere wam'mwamba, n'kuupotokola ndi pulayala mpaka ulume mtengo. Koma popala musalowe kwambiri: mukasema mtengo wamkati madzi sakwera, ndipo nthambi yonse imafota.

Ufa womeretsa mizu, wa IBA, ndimaupaka ndi kaburashi pamzere wam'mwamba pokha. Elm umamera ngakhale popanda ufawu, kungoti mizu imatha kuchedwa kapena kutuluka mbali imodzi.

Ndere za sphagnum, zomera m'madambo ndipo zimasunga madzi ngati siponji, ndimazinyika m'madzi kwa theka la ola, n'kuzifinya mpaka zisiye kudontha. Zikanyowa kwambiri bala limawola n'kuda. Ndimamanga pulasitiki yoonekera mkati m'munsi mwa bala ngati kathumba, n'kudzazamo ndere mpaka zifike kukula kwa nkhonya, zikwirire mzere wam'mwamba ndi masentimita 3. Pomanga, malegeni amagwira bwino kuposa chingwe. Pansi ndimaboola timabowo tiwiri totulukira madzi a mvula, ndipo pamwamba pa zonse ndimakuta ndi foyilo kuti dzuwa lisaphike mizu. Ena amang'amba kamphika kapulasitiki, kukavala kunthambi n'kuthiramo akadama, dothi la ku Japan la timibulu. Mizu yake imayala bwino kuzungulira, koma pamafunika kuthirira tsiku ndi tsiku.

Sabata iliyonse ndimafinya kathumbako pang'ono. Kakapepuka ndimabayamo madzi ndi jakisoni. Nyerere zimakonda kumangamo, ndipo mbalame zimajompha pulasitiki posaka ndere, choncho bowo lililonse ndimalimata ndi tepi. Mizu yoyamba imaoneka pakati pa masabata 4 ndi 8, yoyera, yonenepa, yothyoka ngati mphukira za nyemba. Apa mtima umathamanga, koma sindidula mpaka mizu itayamba kufiirira ndi kuchita timizu tina, itazungulira kathumba konse. Pakatha masabata 8 popanda kanthu, ndimatsegula, ndimapalanso pomwe palumikizana, n'kutsekanso.

Podula ndimagwiritsa sowo, m'munsi mwa kathumba, wina atagwira nthambi kuti isagwe. Pulasitiki ndimachotsa, ndere ayi. Kuzisula panthawiyi n'kuthyola mizu. Kachitsa kam'munsi ndimakasiya kuti kachirikize mtengo. Ndimabzala mu mphika wokulirapo, wa dothi lotaya madzi msanga monga akadama wosakaniza ndi pumice (timiyala topepuka ta chiphalaphala), n'kumanga thunthu kumphika ndi waya mbali zitatu, chifukwa mtengo ukamagwedera ndi mphepo mizu yanthete imaduka. Nthambi zazitali ndimazifupikitsa kuti masamba asapemphe madzi oposa omwe mizu ingakoke. Mphikawo umakhala pamthunzi, kobisika ku mphepo, kwa masabata 3, ndipo feteleza amadikira mpaka mphukira zatsopano zitaoneka.

Chaka chotsatira, masamba atangotsala pang'ono kuphuka, ndimauzula, ndimachotsa ndere ndi kamtengo kosongola, ndimadula kachitsa kaja mpaka pamizu, n'kuyala mizu mbali zonse ngati masipoko a njinga ndisanaubzalenso.