Zilembo za pachikwangwani cha achemwali

Achemwali anga atatsegula kalesitilanti kawo ku Ndirande anandiitana. "Iwe si umadziwa za kompyuta? Undipangire chikwangwani, koma chisaoneke ngati cha kubanki." Ndinawamvetsa. Ankafuna zilembo zooneka ngati munthu wachita kulemba pamanja, ngati za choko pabolodi.

Ndinayamba ndi Pacifico, font (mtundu wa zilembo za pakompyuta) ya Vernon Adams ya mu 2011 imene imapezeka ulere pa tsamba la pa intaneti la Google Fonts. Pafoni inkaoneka bwino zedi, zilembo zonenepa, zogwirana ngati ana ovina. Mavuto anayamba nditalembamo zakudya zenizeni. Mawu athuwa adzaza m, n, u ndi w, ndiye zilembo zimenezi zikalumikizana zimangokhala timapiri, ngati mizere ya m'munda. Ndinasindikiza pa pepala la A4, n'kumata pakhoma, n'kubwerera m'mbuyo mapazi khumi. Mwana wa achemwali, wa Sitandade 5, anayesa katatu asanatulutse "zitumbuwa". Pa "nkhwani wotendera" anangoseka n'kuthawa. Nanga munthu wodutsa pa kabaza akanawerenga bwanji?

Font yachiwiri ndinaitsitsa pa intaneti, dzina sinditchula. Nditalemba "Malaŵi", pamalo pa ŵ panabwera kabokosi kopanda kanthu. Achemwali akuti, "Ingoika w wamba, ndani amaona zimenezo?" Zoona, ambirife tinasiya kalekale kuika kachipewako. Koma ine zinandiwawa. Chilembochi chimapezekanso m'chinenero cha ku Wales, choncho mafont ambiri opangidwa mosamala amakhala nacho. Chikasowa, ndimayamba kukayikira zina zonse. Ndipo ndithu, kachizindikiro ka pa "ng'ombe" kanali kutali ndi g, mawuwo n'kumaoneka ngati awiri.

Apa achemwali analoza Comic Sans pa laputopu n'kunena kuti, "Nanga iyi yalakwa chiyani?" Anthu opanga zojambula amaiseka kwambiri font imeneyi, imene Vincent Connare anapangira Microsoft mu 1994. Ndinakana, koma ndivomere, chinali chimanyazi chabe cha kwa anzanga. Kuwerengeka kokha imawerengeka, ngakhale uli tsidya la msewu.

Mapeto ake tinagwirizana chonchi: dzina la lesitilanti, poti ndi lalifupi komanso lalikulu, linakhala mu Pacifico. Mndandanda wa zakudya unapita mu font ina yotchedwa Patrick Hand, imene zilembo zake zimaima pachokhapachokha ngati za mphunzitsi wa Sitandade 1. Mwana uja anawerenga zonse kamodzin'kamodzi ali panja pa mpanda.

Mitengo ndiye sindinaisindikize. Ndinkaopa 1 ndi 7, chifukwa m'mafont ambiri apamanja manambalawa amafanana, ndipo sindinkafuna kuti wina akangane ndi achemwali pa K1,500 ndi K7,500. Ndinangosiya mipata yoyera kutsogolo kwa K. Achemwali amalembamo okha ndi cholembera cha maka, n'kumafufuta ndi kansalu mafuta ophikira akakwera mtengo. Chikwangwani chonsecho, zilembo zenizeni zapamanja ndi zimenezo, ndipo 7 wawo amamudula pakati.